Chitsulo Chimene a Sipuling'i Anawotcherera

Pa galaja ya kuseri kwa msika panali makaniko wina amene aliyense ankangomutchula kuti a Sipuling'i. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha, nawonso ankalitchula akapsa mtima basi. Anagwira ntchito pamenepo zaka makumi awiri ndi mphambu, koma injini sanaikhudzepo. Gawo lawo linali kunsi kwa galimoto, kumene dothi limagwera m'maso.

Galimoto ikabwera sankafunsa zambiri. Ankatsamira pangodya imodzi ndi manja onse awiri, n'kuikankhira pansi, n'kuisiya. Ikadzuka kamodzi n'kukhazikika, ankapita pangodya ina. Ikapitiriza kugwedera ngati chidakwa chovomera mlandu, ankapukusa mutu.

"Mashoko anafa awa," ankatero kwa mwini galimoto. "Onani, sipuling'i ntchito yake n'kulandira nkhonya za msewu. Tayala likagwera m'dzenje, iyo imapindika kuti inu musamve. Koma ilibe nzeru, ikayamba kudumpha sidziwa kuleka. N'chifukwa chake pambali pake anaikapo shoko, chitsulo chobooka m'kati chodzaza mafuta. Mafutawo amadutsa pang'onopang'ono pa tizibowo, n'kuigwira dzanja sipuling'i kuti basi mnzanga, khala pansi. Akatayika, tayala limangoyenda m'malere. Nanga mukaponda buleki ligwira chiyani?"

Chinthu chimodzi ankachikana kwamtuwagalu. Sipuling'i za malole ndi zitsulo zazitali zosanjikizana, ndipo chapamwamba ndicho chimagwira matayala kuti asachoke pamalo pake. Chimenecho chikathyoka, iwo sankawotcherera. Ankati moto umachiphera mphamvu, chidzathyokanso pomwepo, tsiku lake losadziwika.

Lachinayi lina masana kunabwera alamu awo, mwamuna wa mchemwali wawo wamng'ono, amene ankayendetsa lole yonyamula matabwa. Lole inalowa yopendekeka mbali imodzi. A Sipuling'i atasuzumira kunsi anapeza chitsulo chapamwamba chija chathyoka pakati.

"Iyi igone pompano, alamu. Chatsopano chifika pakatha milungu iwiri."

"Milungu iwiri?" Alamu aja anavula kapusi n'kuipotokola. "Abwana anena kuti lole ikapanda kunyamuka mawa, makiyi apatsa wina. Mwaiwala kuti achemwali anu ndi oyembekezera? Ingogundani moto pang'ono, ulendo umodzi wokha. Ndiyenda ngati nkhono."

"Sindiwotcherera."

"Kodi ndi chitsulo kapena ndife amene tili abale anu?"

A Sipuling'i anakhala pa tayala lakutha nthawi yaitali, akupukuta manja amene anali opukutidwa kale. Kenaka anadzuka n'kukatenga makina owotcherera. Anawotcherera mwaluso kwambiri, moti anzawo pa galajapo anabwera kudzaonerera, wina mpaka anaimba mluzu.

Ulendo woyamba lole inapita n'kubwerako bwino. Wachiwirinso chimodzimodzi. Chitsulo chatsopano chitafika a Sipuling'i anatumiza uthenga, koma alamu anayankha kuti, "Chakale chija chikugwirabe, ndibwera ndikapeza mpata." Mpata sunapezeke. Pa mwezi wachiwiri, akutsika phiri ndi matabwa odzaza, chitsulocho chinathyoka pa mzere womwe uja. Matayala akumbuyo anatembenuka, lole inagubuduzikira kuphompho. Alamu anawatulutsa amoyo, koma kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sankamvanso kanthu.

Kuchipatala mchemwali uja anawapeza a Sipuling'i pakhonde, mimba ili kutsogolo. Sanalire, sanakuwe.

"Achimwene, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Anthu achilendo mumawakanira kuti asafe. Mwamuna wanga yekha ndiye munamuvomera."

 A Sipuling'i akanati anachita kukakamizidwa, koma wowakakamizayo anali gone m'chipinda chapafupi, mapaipi ali m'mphuno.

Alamu atatuluka ankayenda pa njinga ya olumala. Njira ya kunyumba kwawo inali yamiyala, ndipo a Sipuling'i anamva kuti munthuyo amabuula njira yonse akamapita naye kuchipatala. Anatola tisipuling'i ta mpando wa galimoto yakutha, n'kupanga kachipangizo koti akamangirire pansi pa njingayo kuti isamagwedeze. Anakapanga masiku asanu ndi anayi, akuyesera pa ngolo yonyamulira mabatire, atakhazikapo chidebe cha madzi kuti aone ngati atayike. Sanatayike.

Atafika nako, mchemwali wawo anaima pakhomo khanda lili kumsana.

"Manja anuwo asakhudzenso chilichonse chonyamula mwamuna wanga."

M'nyumba munamveka mawu ofooka a alamu akuti, "Aloleni alowe, mlandu ndi wanga." Koma chitseko chinatsekedwa. Alamu anamwalira chaka chotsatira ndi zilonda za pogona, asanaonanenso nawo. Pamaliro a Sipuling'i anakhala kumapeto, pamodzi ndi anthu odutsa.

Kuntchito manja anayamba kuwakayikira. Nati imodzi ankaimanga, n'kuimasula, n'kuimanganso. Galimoto ikatuluka ankaithamangira mpaka pageti kuti ayang'anenso kunsi. Ntchito ya ola limodzi inkatha tsiku lathunthu, madalaivala anayamba kupempha makaniko wina. Mwini galaja anawapirira miyezi ingapo, kenaka anawaitanira mu ofesi n'kuwauza mwaulemu kuti akapume.

Masiku ano amakhala kuseri kwa nyumba, msana unauma, kuwerama n'kovuta. Akazi awo amagulitsa zovala zakale pamsika ndipo amabwera atatopa. Mwezi wathawu anabwera ndi nkhani.

"Abambo, ndakumana ndi achemwali anu. Akusamuka Loweruka, akuti apeza ntchito kutali. Kamwana kaja kakula, kayamba sukulu."

"Anatchula za ine?"

Mayiwo anatula mtolo wa zovala pansi, n'kuyamba kumasula mfundo yake ndi mano.

"Ayi," anatero.