Ndowa imene ndinagulitsa kwa mayi a pa wayilesi

Ife a m'mbali mwa msewu waukulu kuno ku Mlangeni timaona anthu otchuka ambiri, kungoti timawaona akuthamanga. Woyamba ndinamuona ndili Sitandade 4. Aphunzitsi anatindandalika m'mbali mwa tala kuyambira m'mawa, timbendera tapepala kumanja, akuti kudutsa bwana wamkulu wa boma. Dzuwa litafika paliwombo magalimoto anadutsa ngati kamvuluvulu. Ine ndinaona dzanja lokha pawindo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati linali la bwanayo kapena la womulondera.

Wachiwiri anali wosewera mpira amene achimwene anga ankamutchula ndi kutulo komwe. Anabwera pamaliro ku Kandeu, ndipo ndine ndinamuthira madzi osamba m'manja. Anali wamfupi, wamatewe, ndipo anapempha ndiwo zowonjezera. Achimwene atandinong'oneza kuti ndi yemwe uja, ndinati, "Ameneyu ndiye mumatithera naye mabatire?" Sanandilankhule masiku awiri. Panalinso woyimba wina amene galimoto inamufera pafupi ndi kwathu. Mawu onse amene ndinamva pakamwa pake anali ofunsa njira ya kuchimbudzi.

Koma amene ndinkawawerengera ngati abale anga anali mayi ena a pa wayilesi. Kwathu wayilesi inayamba ndi agogo aamuna, amene anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni, ndipo chizolowezi chomvera chinatsalira tonse. Mayiwa ankalankhula Lachitatu masana za m'nyumba, za ana, za kumunda. Mawu awo anali olemera, ndipo akafuna kuseka ankayamba ndi kamphuno, kenaka n'kumasula chiseko chonse. Kuthira nsinjiro ndi masamba osinja m'phala la mwana ndinaphunzira kwa iwowo. Nkhope yawo sindinkaidziwa.

Nditakwatiwa n'kubereka mwana woyamba, bambo a mwana anapita ku Joni kukasaka ntchito. Mlamu wanga, mchemwali wawo wamkulu, ananditengera kumsewu kuti ndizigulitsa mbatatesi za kumunda kwa apongozi. Tsiku loyamba anandiphunzitsa kapakiridwe. Umayala jumbo yakuda m'ndowa, pansi n'kuika ting'onoting'ono, pakati zapakatikati, pamwamba zikuluzikulu zotsuka bwino, zoti munthu azione ali patali. Wogula akaloza, umangomanga jumbo kukamwa n'kuponya kumbuyo kwa galimoto.

"Nanga akakafika kunyumba?" ndinafunsa.

"Akakafika kunyumba ndiye kuti afika bwino, tithokoze Mulungu," anatero alamu. "Pamwamba ndi nkhope, mlamu. Inunso potuluka mumadzola kumaso, simudzola kuphazi."

Ndinapakira choncho miyezi ingapo osaganizanso kanthu, pakuti aliyense pamzere wathu ankatero.

Tsiku lina m'nyengo yozizira panaima galimoto yoyera. Galimoto ikaima sitiyang'ana nkhope za anthu, timayang'ana chala kuti chiloza ndowa ya yani. Chala cha mayi amene anakhala kumbuyo chinaloza yanga. Iwo sanalankhule, anali atadzifunda mpango mpaka kukamwa. Woyendetsa ndiye ananenerera mtengo. Ndinamanga jumbo, iwo n'kumapita.

Lachitatu lotsatira tinali pamzere, kawayilesi ka alamu kali pamwamba pa thumba. Mayi a pa wayilesi aja anayamba nkhani ya kugula zinthu panjira. Anati sabata yatha anagula mbatatesi ku Mlangeni kwa mayi wachitsikana, wobereka mwana wovala kachipewa kofiira ka makutu awiri ngati a mphaka. Pamwamba, anatero, zinali ngati nkhonya za munthu wamkulu, koma pansi anapezapo mazira a nkhunda. Kenaka kamphuno kaja, n'kuseka. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Mwana wanga, ngati ukumva, ndowa siisunga chinsinsi ikafika kukhitchini."

Mzere wonse unatembenukira kumsana kwanga. Kachipewa kameneko anatumiza ndi bambo a mwana, ndipo kuchokera kwathu mpaka ku Kasinje kunalibe mwana wina wovala kotero.

Amene anaseka kwambiri anali alamu, aphunzitsi anga omwe. Pofika madzulo ndinali nditasanduka Mayi a Mazira a Nkhunda. Lamulungu kutchalitchi amayi ena ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali, akubisa chiseko. Bambo a mwana anaimba foni kuchokera ku Joni komweko: "Ndamva kuti kwathu mwayamba kuweta nkhunda." Zonsezo ndikanapirira. Chinandiwawa n'chakuti dzinalo linatsikira kwa mwana. Kusikelo ndinamva mayi wina akuti, "Taonani Kankhunda kanenepa." Apongozi anandiuza kuti dzina lonyoza likamera pamwana, amakula nalo mpaka kumera imvi. Anandipatsa chitsanzo cha mkulu wina wa m'mudzi mwathu amene mpaka lero amatchedwa ndi dzina la mbuzi imene bambo ake anaba iye ali kumsana.

Alamu anati, "Ingomuvulani chipewacho, anthu aiwala."

Ndinakana. Ine mayi aja sindikanawazindikira, koma iwo akanandizindikira ndi kachipewako. Ndinatsimikiza mumtima kuti msewu ndi umodzi, adzadutsanso basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kapakiridwe kakale. Zikuluzikulu ndinkaika m'ndowa yawoyawo, ting'onoting'ono m'ndowa inanso, kuti ogula tchipisi atenge izi, a futali atenge izo. Ntchito inachuluka, ndipo ndowa ya ting'onoting'ono inkakhalitsa padzuwa. Anzanga ankati ndalowa mpingo watsopano.

Vuto linali kuwadziwa mayiwo. Ndinayamba kulankhulitsa mayi aliyense wa m'galimoto. "Mwayenda bwanji, mayi? Kumene mwachokera kwacha bwanji? Ana mwawasiya bwanji?" Ena ankayankha bwino, ena ankakweza galasi. Mayi ena onenepa bwino, ovala magalasi, ndinatsimikiza kuti ndi iwowo mpaka ndinagwada, koma atatsegula pakamwa panatuluka kamawu konga ka mwanapiye.

Dzinja linayandikira, mutu wa mwana unakula, kachipewa kanayamba kumuthina. Ndinakasula kumbuyo n'kuwonjezera kansalu. Kunja kutatentha mwana ankakavula n'kuponya pansi, ine n'kutola, iye n'kuponyanso. Pomaliza ndinkangokamangirira pambereko kuti makutu aja azioneka.

Mayi aja anabwera mvula yoyamba itagwa, m'galimoto yobiriwira, osati yoyera. Alamu ndi amene anafika msanga pawindo, ine ndinali kuyamwitsa. Sindinamve zimene alamu ananena, ndinangomva kamphuno kaja, kenaka chiseko. Ndinachotsa mwana kubere, kumuveka chipewa mokakamiza, iye akulira, n'kunyamula ndowa ndi thumba lopanda kanthu.

Anali mayi ochepa thupi, a imvi za apo ndi apo, ovala magalasi ndi juzi wamba. Ndikanakumana nawo kuchigayo ndikanawapempha kuti andigwirireko lichero. Ndinagwada pamatope pomwepo, ndinayala thumba, n'kukhuthula ndowa yonse mpaka kuigogoda kumbuyo.

"Mayi, ndine uja wa mazira a nkhunda. Onani mpaka pansi."

Anayang'ana mbatatesi, anayang'ana kachipewa, n'kutsegula chitseko.

"Dzukani, mwana wanga, mudetsa chitenje. Ndiye makutu aja akadalipo?"

"Ndakhala ndikukudikirani kuyambira nyengo yozizira. Dzina lija latsikira kwa mwanayu."

Apa anasiya kuseka. Anamunyamula mwana, iye n'kuwagwira magalasi. Anandiuza kuti mayi awo omwe ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo wophwanyika ankamubisa pakati pa mulu, mbali yoola itayang'ana pansi. "Ine ndinaphunzira sukulu ndi tomato woola ameneyo," anatero. "Ndimayenera kudziwa kuti kachipewa kumudzi ndi dzina. Pamenepo ndinalakwa ndine."

Sindinayembekezere kuti munthu wa pa wayilesi angapepese kwa ine. Ndinangoyamba kutolera mbatatesi.

Alamu anali chiimire ndi ndowa yawo. Mayi aja anawayang'ana nati, "Nanga inu achemwali, yanuyo tikhuthulenso?"

"Yangayi, mayi, ndi yoonetsera chabe," anatero alamu, akubwerera cham'mbuyo. Mzere wonse unagwa nacho chiseko.

Anatenga mbatatesi zanga, ndipo ndinawaikira banyira wa ting'onoting'ono khumi kuti akakumbukire. Ponyamuka ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti pamene anaipitsa akakonzenso pomwepo. Anagwedeza mutu movomera.

Lachitatu loyamba ndinamvera, sananene. Sabata yachiwiri, sananenenso. Lachitatu lotsatira linakumana ndi tsiku la sikelo, ndipo mzere kuchipatala unali wautali. Pobwerera, ndisanafike n'komwe pamsewu, mayi wogulitsa kabichi anandithamangira kudzandiuza kuti mayi aja anena. Ine ndekha, amene ndinadikira miyezi yonseyo, ndi amene sindinamve.

Aliyense amandiuza zake. Apongozi akuti anati ndine mayi wachilungamo. Wa kabichi akuti anayamikira kunenepa kwa mwana. Alamu akuti anayamikira amayi onse a ku Mlangeni, makamaka wina wamtali wa mpango wachikasu, amene ndi iwowo. Chimene onse amagwirizana n'chakuti anati aliyense wodutsa afunse mayi wokhuthula ndowa.

Mpaka lero magalimoto ena amaima n'kufunsa kuti wokhuthula uja ndi uti, ndipo ndimakhuthula ndithu, ngakhale msana umadandaula. Alamu akupakirabe mwakale, koma akaona galimoto yobiriwira amapeza chochita kuseri kwa matumba. Mwana uja chaka chino wayamba sukulu ya mkaka, ndipo kumeneko amamuitana ndi dzina lake la ubatizo. Kachipewa kaja akuvala ndi mng'ono wake tsopano, khutu limodzi linathothoka.