Mkonono Umene Unandichotsa ku Domwe

Za ku Joni sindinaganize ndine. Anandiganizira ndi a Fabiano, amalume a mkazi wanga Luwiza, eni mbumba pamudzi pamene ndinakwatira kufupi ndi Domwe. Tsiku lina tikukumba mbatatesi anandiitanira pambali nati, "Bambo a Rosa, munthu wa karta yoyendetsera galimoto ngati inu n'kumakalambira pa khasu? Pitani ku Joni, mwana wanga akakupezerani ntchito. Ya pasaporte ndi ya shapa yoti mukwere musade nayo nkhawa." Mkamwini kulipiriridwa ulendo ndi akuchikazi! Sabata yonse ndinayenda mapewa ali m'mwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ine ndinangomeza.

Ntchito ndinaipezadi, yoyendetsa lole yonyamula ndiwo zamasamba kupita nazo kumsika. Tinkagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, koma mwezi usanathe anzanga anandisamutsira kukhitchini chifukwa cha mkonono. Ankati ndimalira ngati chigayo cha dizilo. Ndinkaseka nawo, koma kugona wekha pakati pa mapoto kudziko la eni kumawawa, ndisaname. Mwezi uliwonse ndinkatumiza ya adubu, feteleza wa kumunda, ndi ya shikola ya mwana wathu Rosa. Ndikati ndibwere pa Natale, nyengo ya Khirisimasi, Luwiza ankayankha pafoni kuti, "Khalani kaye, abambo, ya ulendoyo igule malata." Zaka zinayi, yankho lomwelo. Ine n'kumadzitama kwa anzanga kuti ndinakwatira mkazi woganiza patali. Lero ndikakumbukira kudzitama kumeneko ndimachita manyazi.

Chaka chachinayicho ndinasinza pachiwongolero masanasana, lole n'kukagwetsa mpanda wa eni. Mwamwayi sanavulale munthu. Abwana anandithamangitsira kuchipatala poganiza kuti ndi mowa. Dotolo wake anali mayi wodekha, ndipo atanditenga magazi anati mowa mulibe. Anandifunsa za mkonono, za mutu wowawa m'mamawa, za tulo tamasana. Kenaka anandifotokozera kuti thupi likamaperewera mpweya kawirikawiri munthu ali mtulo, m'magazi mumachuluka mapuloteni ena, ndipo anga ankaloza komweko. Anati kuyeza kotere nkwachilendobe, pakokha sikukwanira, choncho anandigoneka kuchipatalako usiku umodzi atandimata mawaya. M'mawa anandiuza kuti ndikagona pakhosi panga pamatsekeka, ndimasiya kupuma, ndimabanika, kenaka n'kudzidzimuka, usiku wonse chomwecho. Mtima ukatopa nazo, tsiku lina sindidzadzuka.

"Akazi anu sanakuuzenipo?" anafunsa. "Woyamba kuona amakhala wogona naye."

"Aja amagona tulo tofa nato," ndinatero, kumuteteza mkazi wanga.

Ntchito ya chiwongolero inathera pomwepo. Makina othandiza kupuma usiku mtengo wake sunali wa munthu ngati ine. Ndinapinda pepala la dotolo, n'kuuyamba ulendo wakwathu osauza aliyense, poti ndinkadziwa kuti andiuza kuti ndikhale kaye.

Nditatsika shapa yochokera ku Ulongwe, malata anga ndinawaonera patali akung'anima. Koma palibe anathamanga kudzandilandira chikwama. Amayi ena anakokera ana awo m'nyumba. Rosa, amene ndinamusiya akundikwera pamsana, anandipatsa moni atagwada kutali ngati ndine mlendo wa boma. Luwiza anali pakhonde akusenda nyemba. Ndinakhala pansi, ndinatulutsa pepala, n'kumufotokozera zonse monga mmene dotolo anandiuzira. Pepalalo sanalikhudze. Nyemba zinangotayika m'manja mwake.

"Ndiye kuti ndi matenda?" anatero.

"Inu mumati n'chiyani, amake Rosa?"

Apa ndi pamene anamasuka, akulira. Chaka chimene khanda la mng'ono wake linamwalira mwadzidzidzi, abale anayamba kufunsana kuti walidya ndani. Luwiza anakauza amalume ake kuti ine ndikagona ndimati zii ngati mtembo, osapuma, kenaka n'kubwerera ndi phuma ngati munthu wochokera kutali. A Fabiano anati basi, nthawi imeneyo ndi imene ndimatuluka kukatamba. Anagwirizana kuti asandiyambe, kuopa kuti ndingawabwezere, koma andichotse mwaulemu. Ndalama ya pasaporte ija sinali ya a Fabiano okha. Mudzi wonse unasonkha, nyumba ndi nyumba.

Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene ndinachotsedwa ntchito. Anthu amene ndinkalima nawo, kuyika nawo maliro, kuyimba nawo kutchalitchi, anasonkha ngati akuthamangitsa fisi. Ndipo ndalama za mfitiyo ankalandira mwezi ndi mwezi, osaziopa ayi. Koma zonsezo ndikanazimeza. Chimene chinandikanika ndi chimene ndinafunsa pomaliza.

"Ndikasiya kupuma, inu munkatani?"

"Ndinkawerenga chamumtima," anatero. "Nthawi zina mpaka makumi anayi."

"Osandigwedeza?"

"Amalume anati ndisakukhudzeni. Ndinkangonyamula Rosa n'kusunthira kukhoma."

Tsiku lomwelo ndinanyamula chikwama changa chisanamasulidwe n'kubwera kuno kwa amayi anga ku Lifidzi. Ndikulima nyemba, ndimagonera chammbali monga anandilangizira dotolo, ndipo mlongo wanga akamva kuti ndati zii amamenya khoma mpaka nditsokomole. Luwiza watumiza anthu kawiri kuti ndibwerere, akuti tsopano onse amvetsa kuti ndi matenda. Mwina amvetsadi. Koma ine ndinabanika zaka zisanu ndi ziwiri pamphasa imodzi ndi mkazi wanga, iye ali maso, dzanja lake lili pompo.