Katochi Kanga Kanayaka Pansi pa Chitsime

Zimene ndikuuzanizi si zomva kwa munthu ayi, ndinaziona ndi maso angawa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe ngakhale kadontho ka mowa. Amene akufuna kunditcha wabodza anditche, koma anthu amene tinali nawo tsiku limenelo ambiri akadali moyo, ndipo maina awo sinditchula chifukwa ena timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Iwo amadziwa nkhani yonse kupatula chinthu chimodzi, ndipo chimodzicho n'chimene chandilemera pamtima zaka zonsezi.

Ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa Nsaru, m'kashopu kakang'ono koti mukalowa awiri wachitatu amaima panja. Masiku amenewo ndinali ndi kaluso kena kopanga titochi tating'ono tokoloweka ku makiyi. Kathupi kake ndinkadula ku pampu yakale ya njinga kapena ku kapaipi ka eriyo, kutalika ngati chala, kababu ndinkachotsa m'malaitala, kabatire n'kusolola m'mahedifoni ndi m'timawailesi takufa, kenaka n'kuwotcherera zonse pamodzi ndi kulemba dzina la mwini wake pambali ndi msomali. Kakatha moto ankabwera nako kudzatchaja pa sola yanga. Akabaza, aphunzitsi ndi anyamata a m'mabutchala anatengeka nato zosasimbika, moti ena pakhomo pawo panalibe ngakhale loko koma ankayenda ndi mulu wa makiyi otola, n'cholinga choti katochi kapeze polendewera. Lamulungu masana ankasonkhana pakhonde panga n'kumalowetsa mitu m'thumba kuti aone kamene kakuwala koposa, madoda a ndevu zawo! Ankanditcha injiniya, ndipo sindinama, dzinalo linkandikoma.

Tsiku lina la msika kunabwera bambo wina wokumba zitsime. Anali wochokera ku Phalombe, anabwera kuno ngati tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula, koma fodya atamukanika anayamba kukumbira anthu zitsime, ndipo anali katswiri. Anandiuza kuti pansi pa chitsime pamakhala mdima ngakhale masana, ndiye akufuna katochi koluma ndi mano chifukwa manja onse amakhala ali pa pikisi. Ndinamupangira ka mtundu wake wake, kabatani kake ndinakakuta ndi mphira wa chubu, koti kaziyaka pokhapokha munthu akakaluma kapena akakafinya, akangosiya n'kuzima. Koma mabatire abwino anali atandithera. Bamboyo anali pachangu, matola yake inali itayamba kuliza hutala, ndiye ndinapisa m'kachitini momwe ndinkataya mabatire ofooka n'kutengamo kamodzi kamene ndinali nditakayesa kale ndi kuona kuti sikafika theka la ola. Atandifunsa kuti kazitha nthawi yaitali bwanji, ndinamuyankha, maso ali gwa, kuti tsiku lonse. Mumtima ndinkati ndidzasintha akadzabwera kudzatchaja, nanga si nkhani yaing'ono?

Patapita masiku anayi, kapitawo wa pa esiteti yomweyo anandiitana kuti ndikamukonzere sola ya panyumba pake. Munali mu Okutobala, nthawi ya nazale za fodya, kunja kukutentha koopsa. Cha m'ma naini koloko m'mawa, ndili padenga, ndinamva mkuwe kukampaundi ya matenanti, ndipo nditatsika n'kuthamangira komweko ndinapeza kuti chitsime chatsopano chagumukira munthu. Nditafunsa kuti ndani, anandiuza kuti ndi bambo wa ku Phalombe uja.

Chitsimecho chinali chozama zedi, anthu asanu ataimirirana pamapewa sakanatulukira. Zikuoneka kuti anakumba n'kufika pa mchenga, khoma la mbali imodzi n'kutsetsereka, ndipo mitengo imene anapingasa pamwamba yokokerapo ndowa inagwera momwemo n'kukapingana chapansi, dothi n'kuunjikana pamwamba pake. Anthu anaitana mpaka mawu kusasa, koma kunali zii. Kapitawo anaimba foni kutauni, anamuyankha kuti galimoto ibwera koma sakudziwa kuti nthawi yanji. Akuluakulu a pakampaundi atasuzumira n'kuona dothi likuyoyokabe, anati munthu sangakhale moyo pansi pa zimenezo, ndipo kutsitsamo ena n'kufuna maliro awiri. Anayamba kunong'onezana zoti chitsimecho angochikwirira chikhale manda ake, azike mtanda pamwamba, poti munthuyo analibe mbale kuno. Mkazi wake anadzigwetsa pansi n'kugwira miyendo ya kapitawo, akulira kuti iye akafika bwanji ku Phalombe, akawauza chiyani apongozi ake, kuti mwana wawo wamusiya m'dzenje la eni ake?

Ine ndinagona chafufumimba m'mphepete, n'kudziphimba kumutu ndi jekete kuti dzuwa lisandithobwe, ndipo maso atazolowera mdima ndinaona kakuwala pakati pa mitengo ija. Kanali kuwala koyera kopita kubuluu, ka mababu a m'malaitala, ntchito ya manja anga, sindikanakasokoneza ndi china. Ndinadzuka ndikukuwa kuti munthuyo ali moyo. Ndinawafotokozera kuti katochi kameneko ndinapanga ndine, sikayaka kopanda kukaluma kapena kukafinya, nanga wakufa amaluma? Mkazi uja anakwawa n'kuitana dzina la mwamuna wake, ndipo kuwalako kanazima n'kuyakanso. Anthu oposa khumi anaona zimenezo, ndipo nkhani yokwirira inathera pomwepo.

Anayamba ntchito. Ena ankakumba chambali kuti achepetse dothi la pamwamba, wina n'kumatsika ndi chingwe m'chiuno kukadzaza ndowa, akatopa n'kulowa mnzake. Amayi ankasinthana kusuzumira ndi kuitana kuti munthuyo asataye mtima. Ine ndinkakoka nawo ndowa, koma diso langa linali pa wotchi ya pafoni. Theka la ola linakwana, kakuwala kali ngwee. Ola linatha. Nthawi ya nkhomaliro inakwana, kakuwala kosasintha ngakhale pang'ono, pamene ine ndimadziwa bwino mmene batire lofooka limafera, limayamba kuchita chizimezime mpaka kutsala kadontho. Ndinadzinyengerera kuti mwina akumakasiya kuti asunge moto, koma ndikafunsa amayi aja, aliyense ankati sikanazimepo kupatula pamene akuyankha. Thukuta limene linkandituluka nthawi imeneyo silinali la dzuwa ayi.

Tangoganizani, anzanga. Pagulu lonselo ndinali ndekha wodziwa kuti chimene chikuyaka pansipo si batire langa. Ndikanaulula, anthu akanasiya kukumba, ndipo bwanji ngati munthuyo analidi moyo? Ndikakhala chete, abambo a ana awo azitsikabe m'dzenje loyoyoka chifukwa cha mawu anga. Komanso, ndinene zoona poti ndayamba kale, ndinkachita manyazi kuti injiniya adziwike kuti anagulitsa chinthu chakutha n'kunama. Manyazi amenewo analipo, sindingawabise.

Cha m'ma thu koloko inafika nthawi ya tenanti wina, mnzake wa bamboyo wochokera naye dera limodzi, munthu wa ana anayi. Akumanga chingwe m'chiuno anandiyandikira n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndikunenetsadi kuti bamboyo, amene iye ankamutcha achimwene, ali moyo, chifukwa iye dothi limenelo sakulikhulupirira, koma ngati injiniya ndanena ndiye atsika. Ndinamuyang'ana ndipo ndinamuuza kuti atsike, munthuyo ali moyo. Sanadzaze ngakhale ndowa zitatu. Chibuma chachikulu chinagumuka kukhoma n'kumugwera pamwendo, ndipo kukuwa kwake kuja ndimakumvabe mpaka lero. Tinamukoka, mwendo ukulendewera mosakhala bwino, n'kumukweza pangolo kupita naye kuchipatala.

Atachoka, panalibe wofuna kugwiranso chingwe. Akuluakulu anayambiranso mawu awo aja, mkazi uja misozi inali itamuthera, ankangoyang'ana aliyense kumaso mmodzimmodzi. Wina atasuzumira anati kuwala kuja tsopano kukuphethira kosalekeza ngati munthu akukodola. Sindikudziwa chimene chinandigwira, kaya ndi chisoni kaya ndi mantha oti dzenjelo likufuna ine mwini bodza, koma ndinavula nsapato n'kuwauza kuti andimange.

Inu, pansi pa chitsime pamazizira, ndipo phokoso lonse la anthu limamveka ngati lili kutsidya la mtsinje. Ndinaponda pa mitengo ija, kuwalako kukundimenya kumaso kuchokera pa kampata kapakati pake, kowala kuposa katochi kalikonse kamene ndinapangapo. Ndinayamba kufukula ndi manja uku ndikuyankhula naye, kumuuza kuti alimbe mtima tafika, ndipo poti kumwamba sakanamva, ndinamupepesanso za batire lija. Ndowa zinakwera, ndowa zinatsika, mpaka ndinasuntha mtengo umodzi n'kupisa dzanja m'kampata muja. Ndinakhudza phewa. Linali lozizira, louma gwa, ndipo nthawi yomweyo kuwala kuja kunazima.

Ndinakuwa ngati mwana, koma sanandikoke msanga chifukwa ankaganiza kuti ndikukondwera. Atanditsitsira tochi yaikulu ya kapitawo ndinaona bwinobwino. Bamboyo anali chogwada, nkhope yoloza pansi, khosi lopindika, m'kamwa modzaza mchenga, manja onse awiri ali pa mpini wa pikisi. Katochi sikanali m'kamwa, sikanali m'manja. Tinakapeza titamutulutsa, dzuwa litapendeka, kali ku makiyi ake m'thumba lakumbuyo la kabudula, thumbalo lomanga batani, lonyowa ndi matope. Wachipatala amene anabwera ndi galimoto ija atamuyeza anati khosi linathyoka nthawi yomweyo chitsime chitagumuka, munthuyo sanavutike ngakhale mphindi imodzi.

Mawa lake lole ya pa esiteti inanyamula maliro kupita ku Phalombe. Asanakwere, mkazi uja anachotsa katochi ku makiyi n'kundipatsa, nati ndikasunge ine poti ndi kamene kamutulutsa mwamuna wake. Nditafika kushopu ndinakatsegula. M'kati munali madzi, kabatire katatupa, ndipo kawaya kamodzi kanali kataduka powotcherera, kutanthauza kuti ngakhale mukanaika batire latsopano sikakanayaka. Aphunzitsi ena pambuyo pake ankati mwina linali dzuwa likunyezimira pa madzi a pansi, koma dzuwa lanji loyankha munthu akaitana dzina? Ndinakakulunga m'pepala n'kukakwirira kuseri kwa shopu, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinapangenso katochi ngakhale kamodzi. Akabaza anandinyengerera mpaka kutopa.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti bambo uja anamva zimene akuluakulu ankapangana pamwamba pake, ndipo anakana kugona m'dzenje lachilendo kutali ndi makolo ake. Anafuna njira yoti anthu asamusiye, ndipo anaipeza mwa ine, munthu amene anadziwa kuti sindingatsegule pakamwa chifukwa ndinali nditamunamiza kale. Kaya anandikhululukira kaya anandilanga, sindidziwa, koma ndikagwira batire lililonse lotupa m'manja mwanga mumazizira.

Tenanti wothyoka mwendo uja sanabwerere kwawo. Fodya anasiya chifukwa sangathenso kupalira, pano amasoka nsapato pansi pa mtengo pamsika, ndipo amayenda chokoka mwendo. Tsiku lililonse la msika amaima pakhomo pa shopu yanga n'kundipatsa moni ndi manja awiri, ndipo akapeza alendo amawauza kuti awa ndi a injiniya amene anapangitsa kuti achimwene akagone kwawo, mwendowu iye sadandaula nawo chifukwa onse ankakhulupirira kuti akupulumutsa wamoyo. Ine ndimangomwetulira, mtima ukuwawa, n'kumutchajira foni yake.

Ndiye anzanga a ntchito zamanja, inu owotcherera, inu okonza mabuleki a njinga, inu omanga zingwe, munthu akakufunsani kuti chinthu ichi chilimba bwanji, muuzeni zoona ngakhale matola ikumuthawa, chifukwa simudziwa dzenje limene akukalowa nacho, ndiponso simudziwa amene adzatsikemo pambuyo pake chifukwa cha mawu anu. Ine ndakuuzani inu amene simundidziwa nkhope. Mwini mwendo sindinamuuzebe, ndipo msika ukubwerawu adzaimanso pakhomo panga.