Maloboti opanda maso a Odete

Odete ndi mwana wachiwiri wa bambo Belmiro, okonza njinga za kabaza ku Coalane kuno ku Quelimane, ndi mayi Faustina, ophika mucapata, chakudya cha mpunga ndi kokonati, wogulitsa pamsika. Odeteyo ali ndi ana awiri, Nélio ndi Zaida, ndipo onse anatengera mutu wa mayi awo. Mchimwene wake wamkulu ndi Custódio. Ameneyu Mulungu anamupatsa pakamwa.

Odete ndi Custódio anasonkherana n'kugula kompyuta yakale, n'kuiika kuseri kwa shedi ya bambo awo kuti ikhale seva. Mmenemo anaikamo maloboti, mapulogalamu osewera okha gemu ya pa intaneti. Amawedza nsomba, amadula mitengo, amakumba golide wa m'gemumo, amene osewera aulesi akunja amagula ndi ndalama zenizeni. Vuto linali memore. Sevayo inali ndi magiga awiri okha, kachipinda ka mphasa imodzi. Maloboti anayi ankakwana. Ukaika wachisanu, zonse zinkauma gwa.

Custódio ankangoti tigule ina. Ndi chiyani? Odete, amene anasiya kosi ya makompyuta chifukwa cha mimba ya Nélio, anakhala masabata atatu akuyang'ana manambala, Zaida ali kumsana. Tsiku lina anafunsa:

"Achimwene, kodi loboti amaona?"

"Wayamba misala, eti?"

"Nanga mitengo ndi mitambo tikumujambulirayi, akuiona ndani?"

Anazimitsa zithunzi zonse ndi nyimbo zomwe. Anapezanso kuti loboti aliyense ankasenza mapu akeake a dziko lonse la gemu, ndiye anawapatsa amodzi ogawana. Aliyense ankasunganso m'mutu nsomba iliyonse imene anagwira chiyambire. Odete anawaphunzitsa kuiwala ola lililonse. Pa seva yomweyo panakwana khumi ndi awiri.

Koma wolankhula ndi ogula anali Custódio, ndipo ndalama zonse, mameticais, zinkalowa pa foni yake. Atagulira bambo makina opopera matayala, bambo Belmiro anayamba kuuza wakabaza aliyense kuti, "Mnyamata wanga ali ndi antchito khumi ndi awiri osadya!" Odete ankamva ali chikandire kokonati. Nsanje inamulowa mpaka m'mafupa, ndipo ndani angamudzudzule? Pa chakudya dzina la Custódio linkamveka kasanu, kasanu ndi kawiri. Lake linkamveka pofuna mchere.

"Auzeni bambo zoona," Odete anauza mchimwene wake tsiku lina.

"Aaa mlongo, za m'banja ndi za tonse. Ukufuna chikho?"

Loweruka lina masana bambo anabwera ndi anzawo atatu a kutchalitchi kudzaona antchitowo. Sikirini inali bii, timizere ta manambala tokha.

"Ali kuti antchitowo, a Belmiro?" anaseka mmodzi wa alendowo. "Kapena apita ku maliro?"

Custódio thukuta kamukamu. Anayatsa zithunzi za onse khumi ndi awiri nthawi imodzi. Mitengo inaoneka, nyanja inanyezimira, madoda anaomba m'manja. Kenaka fani inalira ngati njinga yamoto, memore inadzaza, zonse zii. Anazimitsa n'kuyatsa kanayi konse. Seva inkadzuka ndi zithunzi zomwezo n'kugwanso.

Odete anali pakhonde akupeta mpunga. Anamva zonse, koma sanadzuke. Custódio anatuluka n'kudzanong'ona:

"Mlongo wanga, chonde."

"Itanani antchito anu aja, bwana."

"Ndiwauza bambo zonse. Lero lomwe."

"Pamaso pa anthuwa?"

"Akangopita."

Odete anaika lichero pansi, anapukuta manja pa kapulana, chitenje chake chija, analowa n'kulemba mizere isanu. Sikirini inadanso, manambala anayamba kuyenda.

"Mwaona?" anatero bambo Belmiro, chifuwa patsogolo. "Wamuphunzitsa bwino mlongo wakeyu."

Odete anayang'ana mchimwene wake. Custódio anayang'ana fani.

Alendo anapita, tsiku lija linatha. Pano papita miyezi isanu ndi iwiri. Maloboti afika khumi ndi asanu ndi mmodzi, ndipo Odete anasintha pasiwedi, moti Custódio sangayatse ngakhale tsamba limodzi la mtengo. Lamlungu lililonse banja limadyera pamodzi. Odete amamuikira mchimwene wake mbale, bambo ali pomwepo, n'kumufunsa chapansipansi, "Lero lomwe, achimwene?"

Iye amangotafuna. Mawu aja sanawapereke kwa bambo mpaka lero.