Tsiku Limene Apongozi Anagoneka Mwana

Mwana wanga atayamba kumera mano ankalira osalekeza, ine n'kumangoganiza zoopsa. Tsiku lina ndinafunika kuthamangira kumsika wa Maramba, koma pakhomo panali apongozi aamuna okha. Iwo anali pulofesa wopuma ntchito. Moyo wawo wonse anaphunzitsa za mabuku a nthano, ndale ndi chikhristu, koma thewera sanaligwirepo. Ndinagwada n'kuwasiyira mwanayo mtima uli m'mwamba. Kumsika tomato ndinangotola osasankha.

Pobwera ndinapeza m'nyumba muli zii, ndinalowa mothamanga. Mwana anali m'tulo pamiyendo pawo, iwo akumuwerengerabe zimene analemba zokhudza mpingo ndi boma.

"Batate, mwamutani?" ndinawanong'oneza apongoziwo.

"Palibe, amake mwana. Ophunzira anga ku yunivesite ankagona patsamba loyamba. Uyu ngwolimba, wafika lachiwiri."