Sharofat Wosambitsa Maliro

Ku Bukhara, masiku amene mzindawo unali ndi mfumu yakeyake, banja la a Tursun linkakhala kunja kwa linga, kuseri kwa manda. Ntchito yawo kuyambira kwa makolo inali yosambitsa maliro: amuna kusambitsa amuna, akazi kusambitsa akazi. Mwana wawo Sharofat anayamba kutsatira azakhali ake ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo pofika makumi awiri ankapita yekha.

Pakagwa zovuta anthu ankamuthamangira, koma pamsewu palibe ankamupatsa moni. Akamaliza ntchito ankamuthirira tiyi m'kapu yobenthuka imene wina aliyense sankamwera. Iye sankadandaula. Anali munthu wa phee, woti tsiku limatha osamva mawu ake. Amene ankalankhula nawo momasuka anali akufa okha.

Chaka china nyengo yozizira anaitanidwa kwa a Nazrullo, mmisiri wolemekezeka wosoka maluwa a ulusi wagolide pa mikanjo ya kunyumba yachifumu. Akazi awo anali atamwalira. Amene ankabweretsa madzi ofunda pakhomo la chipinda anali mwana wawo Hamro, wolongolola wodziwika msika wonse, woti ngakhale mumzikiti ankamutsina kuti akhale chete. Sharofat potuluka, nkhope ataphimba, anamupeza ataima pomwepo ndi ndowa.

"Pepani, achemwali. Mumawauza chiyani amayi anga? Ndimamva mawu."

Mwamuna wa nyumba yotere anali asanamufunsepo kanthu.

"Ndimawapepesa. Madzi omaliza anali atazizira."

Hamro anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati kamwana.

Patatha masiku makumi anayi, Sharofat anayamba kumva mapazi kumbuyo kwake akamachokera kumaliro. Anali Hamro, akukoka bulu. Kulankhula ndi mkazi pamsewu kunali kosatheka, choncho ankalankhula ndi buluyo.

"Iwe bulu, dzulo ndasoka duwa mozondoka, bambo anga atsala pang'ono kundisoka pakamwa. Ukudziwa chifukwa chake? Usanamizire kugontha, makutu onsewo!"

"Anthu akuona," anatero Sharofat osacheuka.

"Wamva bulu? Ayankha! Lero udya balere."

Zinkamukwiyitsa, komanso zinkamuopsa. Koma tsiku lina Hamro sanabwere, ndipo Sharofat anadzipeza akuyenda pang'onopang'ono mpaka kukafika pachipata, khutu lili kumbuyo.

Panalibe mayi wovomera kukamufunsirira mbeta kuseri kwa manda, ndiye Hamro anapita yekha. A Tursun anamva mawu ake ali chiimire.

"Mwana wa bwana, mukufuna kutiphetsa? Ife timakwatirana tokhatokha. Bwererani musanaoneke."

Koma anali ataoneka kale. Lachisanu lotsatira, anthu atatuluka mumzikiti masana, a Nazrullo anafika ndi akuluakulu asanu a m'dera lawo, Hamro ali pakati ngati wogwidwa kuba. Anaima kunja kwa mpanda, osafuna kuponda pabwalo.

"Tursun, tulutsa mwana wako."

Sharofat anatuluka atafunda, akuona anthuwo kudzera m'chophimba chake cha ubweya wa kavalo.

"Mtsikana iwe," anatero a Nazrullo, "chitsiru changachi chalumbira kuti chidzakusiya pokhapokha chitamva pakamwa pako. Nena pamaso pa anthu awa kuti sukumufuna. Ukakana, palibe nyumba idzakuitaneninso. Tidzatenga osambitsa a kuchipata china cha mzindawu, inu muzidya dothi la kumandaku."

"Nena, mwana wanga," ananong'oneza a Tursun. "Nena msanga."

Sharofat anayang'ana Hamro. Anayang'ananso bambo ake, ndi azakhali ake amene ankasuzumira pakhomo. Mawu amene ankafunidwa anali amodzi okha, ndipo akanapulumutsa nyumba yonse.

"Tikudikira!" anakuwa a Nazrullo.

"Madoda," Sharofat anayamba motsitsa, mpaka akuluakulu aja anasendera kuti amve. "Ndalowa m'nyumba zanu nonsenu. Ndasambitsa amayi anu, akazi anu, ana anu. Zimene ndinaona pa matupi awo sindinauzepo munthu. Kukhala chete ndimatha. Koma kunama sindinaphunzire. Munthuyu ndikumufuna."

Mkulu wina wogulitsa zikopa, amene mpongozi wake anamwalira chaka chatha akuti atagwa pamakwerero, anayamba kuyang'ana nsapato zake. Wina anatsokomola n'kunena kuti dzuwa lawawa. Wachitatu anati nkhani za m'banja la eni n'zovuta kulowerera. Mmodzimmodzi anatembenuka, mpaka a Nazrullo anatsala okha ndi mwana wawo.

"Ukalowa pabwalo ili," anatero, "ndilibe mwana."

Hamro anawagwira dzanja kuti alipsompsone, iwo analichotsa. Ndiye analowa.

Ukwati anamangitsa shehe wokalamba wa kumanda, mboni zili ziwiri, mpunga mbale imodzi. Amisiri a golide anamuchotsa Hamro m'gulu lawo, singano zake n'kuzithyola. Kwa miyezi inayi palibe anagogoda kwa a Tursun. Ankadya mkate wouma woviika m'tiyi, ndipo a Tursun sankamuyankha mkamwini wawo ngakhale moni. Achibale a Sharofat nawonso anakwiya, poti anali atamusungira msuweni wake woti adzamukwatire. Kenako kunabwera chilimwe cha matenda a m'mimba, osambitsa a kuchipata china analephera kukwanira, ndipo anthu anayambanso kubwera, maso ali pansi.

Chilimwe chomwecho Hamro anaphunzira ntchito kwa apongozi ake. Tsiku loyamba anasanza kuseri kwa khoma. Koma manja ozolowera ulusi anali ofatsa, ndipo sanda yosokedwa ndi iye inkadziwika. A Nazrullo anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi osamulankhula; akakumana pamsewu ankatembenukira kukhoma. Zimenezi Hamro sankazichitira nthabwala.

Hamro ndi Sharofat anakhala limodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, nabereka ana anayi, awiri n'kukula, wamkulu dzina lake Zebo. Ankakangana kawirikawiri, makamaka Hamro akaseketsa anamfedwa maliro asanatuluke. Chinthu chimodzi chokha Hamro sanachimve mpaka imfa yake. Nthawi zambiri pakudya ankafunsa:

"Amayi a Zebo, tandiuzani zoona. Tsiku lija pampanda, madoda aja munkawaopseza, kapena zinangotuluka?"

Sharofat ankamukankhira mbale.

"Idyani, bambo. Mwalankhula zokwanira lero."