Pansi pa Karinya ya Amalume

Chaka chimenecho ndinataya mkazi wanga. Ndinataya mawu ake oitanira nkhuku madzulo. Ndinataya munthu wondiseka ndikavala malaya chotembenuza. Ndinataya tulo. Ndipo ndinkayembekezera kutayanso nyumba, munda ndi mwana, chifukwa zonsezo zinali za kwawo.

Ndinabadwira ku Chifunde, umakaniko ndinakaphunzira ku institutu ku Tete, ndipo ntchito ndinkagwira pa ofisina ina, malo okonzera magalimoto, m'mbali mwa msewu ku Cassacatiza. Koma nyumba ndinamanga pabwalo la amayi ake a mkazi wanga, m'mudzi wina kufupi ndi Mualadzi. Ndinali mkamwini. Malungo anamutenga mkazi wanga mvula ikutha, mwana wathu wamkazi ali ndi zaka zitatu. Kwathu kuno mkazi akamwalira, mkamwini amakhalabe mpaka abale a malemu atamusudzula, ndiko kumumasula kuti azipita. Ana amatsala, poti ndi a kuchikazi. Ine anati adzandisudzula tikakolola.

Panalinso nkhani ya tsitsi. Tsiku lometa maliro tonse tinakhala pamphasa, lumo likuyenda mutu ndi mutu. Ine anandimeta, sindinakane. Koma itafika nthawi ya mwana, ndinamunyamula n'kumukumbatira, ndipo ndinati uyu ayi. Anandifunsa chifukwa. Chifukwacho ndinali nacho, anali mawu amene mkazi wanga anandiuza kuchipatala, koma pakamwa panakana kutseguka. Anthu anayang'anana. Wina kumbuyo ananong'ona kuti ndi sukulu imeneyo. Mwana anatsala ndi tsitsi lake pakati pa mitu yometa, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaona ngati mudzi wonse ukungodikira tsiku loti ndichoke.

Mwini mbumba pabanjapo anali amalume ake a mkazi wanga. Anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo, ndiye mawu ambiri a zamagalimoto ankawatchula mwa kumeneko. Anali ndi karinya yakale, galimoto yonyamula katundu kumbuyo, yoyendera gazolina, ndiye kuti petulo, imene ankanyamulira chimanga kupita nacho ku Cassacatiza. Ndi yomweyo inanyamula bokosi la mkazi wanga. Maliro atatha anaiimika pambali pa nkhokwe, ndipo sanaikhudzenso mpaka chimanga chitauma.

M'mawa wina, sabata yomwe amati andisudzule, anandiitana.

"Akamwini, tabwerani mudzaione nkhalamba inzangayi. Ikumwa kuposa mmene ndinamwera ine paukwati wanu."

Anailiza. Injini inkanjenjemera, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda wonunkha gazolina wosapsa. Kutsogolo kwa chiwongolero kunkayaka kagetsi kachikasu.

"Makaniko wina kutsidya kwa malire anati ndi sensa," anatero. "Ndagula yatsopano, wandiikira, kagetsi kakuyakabe. Kaya wabodza ndi sensayo, kaya ndi makanikoyo, kaya ndine."

Chimene iwo ankachitcha sensa, ife kusukulu tinkati sonda. Ndi kachitsulo kotalika ngati chala, kamene kamamangidwa papaipi yotulutsa utsi. Ntchito yake ndi kununkhiza utsiwo n'kuuza kompyuta ya injini ngati mafuta achuluka kapena achepa poyerekeza ndi mpweya. Kompyuta ikasiya kumva uthenga wa sonda, imayamba kuthira mafuta mongoganizira, ndipo kawirikawiri imathira ochuluka.

Chimwalirireni mkazi wanga ndinali ndisanagwire sipanala. Ndinakatenga bokosi langa la zida pansi pa bedi, ndipo manja anakumbukira okha pamene chilichonse chinali. Ndinalumikiza kachipangizo kowerengera matenda a injini pansi pa chiwongolero. Sikananene kuti sonda yafa. Kananena kuti uthenga wake sukufika. Ambiri timathamangira kugula chitsulo chatsopano pamenepa, chonsecho vuto likhoza kukhala paliponse m'njira.

Ndinayamba ndi zapafupi. Fuzivelo, ija imapsa magetsi akachuluka, inali yamoyo. Sonda ili ndi mawaya anayi: awiri ndi oitenthetsa, poti imagwira ntchito ikatentha basi, ndipo awiri enawo ndi otumiza uthenga. Ndinaizula pacholumikizira chake n'kuiyeza ndi multimetro, chipangizo choyezera magetsi. Yatsopanoyo inali bwino. Ndinapempha yakale, amalume n'kuitulutsa m'thumba la jekete, itakulungidwa m'pepala la shuga. Nayonso inali bwino. Nditatembenuza kiyi, magetsi otenthetsera ankafika. Kenako ndinayeza waya wa uthenga, kuchokera pacholumikizira mpaka pakompyuta. Multimetro inangokhala chete. Waya anali ataduka penapake pakati.

Mawayawo amadutsa kuseri kwa injini, malo osafikika ndi dzanja kuchokera pamwamba. Ndinayala thumba pansi n'kulowa chagada kunsi kwa karinya, miyendo yokha n'kutsala kunja. Ndinatsata mtolo wa mawaya ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka dzanja linalowa m'chinthu chofewa. Chinali chisa cha makoswe, cha makoko a chimanga ndi thonje la mumpando. Miyezi yonse ija karinya itaima pankhokwe, iwo anali atapeza nyumba. Pamwamba pa chisacho waya mmodzi anali atamutafuna mpaka kumudula.

Ndili pomwepo ndinamva amalume akuti akukaona mbuzi. Mapazi awo anachoka. Kenako kunabwera mapazi ena, opanda nsapato, amene ndinawadziwa. Anali apongozi anga aakazi. Anayala mphasa pafupi ndi tayala lakumbuyo, anaika lichero, n'kuyamba kuswa mtedza.

Chikwatireni, ine ndi iwo tinali tisanayang'anepo kumaso. Tikakumana m'njira, mmodzi ankapatukira m'tchire, moni n'kupatsana chapatali, titanjuta. Umenewo ndiye ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi ake. Nkhani zonse za pakati pathu zinkadzera mwa mkazi wanga. Iye atapita, zinalibenso podzera. Ndinayamba kudzikoka kuti nditulukire mbali ina ndiwasiyire malo.

"Apongozi, musatuluke," anatero. "Mukatuluka sindiyankhula. Mukundimva kunsiko?"

"Ndikukumvani, amayi."

"Achimwene anga adzakuuzani Loweruka pamaso pa anthu, koma iwo poyankhula amazungulira, ndiye mungadzamve zina. Ndati ndikuuziretu ndekha. Kusudzula tikusudzulani. Ndi mwambo, kuti mzimu wa mwana wanga ugone, inunso mukhale omasuka. Koma nyumba ija sitigwetsa, ndipo munda sitipatsa wina."

Ndinali nditagwira nsonga ziwiri za waya uja, ina dzanja ili, ina dzanja ilo.

"Mukafuna kukhala, khalani," anapitiriza. "Mukadzafuna kukwatira kwina, mudzatitsanzike masana, tidzakuperekezani. Koma mwanayu akadzidzimuka kutulo amaitana inu. Ine ndimangomva ndili m'nyumba mwanga. Ndimuchotsere amake, ndimuchotserenso abambo ake, ine ndine ndani?"

"Zikomo, amayi," ndinatero.

Makoko a mtedza anapitiriza kusweka kwa kanthawi.

"Chinthu chimodzi chokha ndikufunseni. Tsitsi lija. Anthu akuti ndi sukulu. Ine sindikuvomereza, poti inuyo munameta osakana. Chinali chiyani?"

Ndikanakhala kuti ndaima pabwalo, maso a anthu ali pa ine, ndikhulupirira kuti pakamwa pakanatsekekanso. Koma pamaso panga panali chitsulo chakuda chokha ndi fumbi. Ndinawauza zimene mwana wawo ananena, mawu ake enieni, osachotsa kapena kuwonjezera.

Kuswa mtedza kunaleka. Ndinaona dzanja lawo likutsikira pamphasa n'kukhala pomwepo.

"Ndi iyeyo ameneyo," anatero. "Kuyambira ali wamng'ono, chinthu chake sankafuna kuti wina amugwirire." Anamina, n'kufunsa ndi mawu a tsiku lililonse: "Nanga chavuta n'chiyani kunsiko?"

"Makoswe adula waya, amayi. Ndifunika moto wa makala kuti ndimulumikize."

Ananyamuka. Pobwera anaika mbaula pafupi ndi mapazi anga, makala atayaka kale, natenga mphasa yawo n'kupita kuseri kwa khitchini. Pamenepo m'pamene ndinatuluka.

Kumudziko kulibe magetsi, choncho chitsulo chowotcherera ndinachitenthetsa pambaulapo. Ndinachotsa chisa, ndinasenda nsonga za waya, ndinaika kachidutswa katsopano pakati, n'kuwotcherera ndi mtovu mbali zonse ziwiri. Ndinakulunga bwino, ndipo mtolo wonse ndinauveka paipi yapulasitiki. Sonda yakale ndinaibwezera pamalo pake, poti inalibe mlandu.

Amalume anabwera ndikumaliza. Ndinawaonetsa chisa chili pansi.

"Makoswe?" anatero. "Ndiye ine ulendo wonse uja ndimakagulira makoswe sensa?"

"Isungeni, amalume. Idzagwira ntchito tsiku lina. Koma karinyayi musamaiimikenso pankhokwe."

"Wamva, nkhalamba? Akamwini akuti usamuke." Anaimenya paboneti. "Iwo akhala, iwe usamuka."

Anandiyang'ana cham'mbali ponena zimenezo, ndipo ndinazindikira kuti ankadziwa zimene zakambidwa. Mbuzi zimene amati akukaziona zinali zomangirira pamtengo wa mango, poonekera.

Tinailiza n'kudikira kuti itenthe. Ndinalumikiza multimetro pawaya wa uthenga. Poyamba nambala inangoima. Kenako inayamba kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, monga imachitira sonda ikamagwira ntchito. Kunjenjemera kwa injini kunatha, utsi unayera. Ndinafufuta matenda akale m'kompyuta, tinayenda mpaka pamlatho n'kubwerera, ndipo kagetsi sikanayakenso.

Titafika pabwalo tinapeza apongozi anga atakhala pakhonde, mwana ali pakati pa miyendo yawo, akumupesa. Tsitsilo linali litapotana kwa miyezi, poti ine sindinkadziwa kulisamala ndipo wina aliyense ankaopa kulikhudza. Mwana ankalira pang'ono, iwo akumunyengerera ndi mtedza. Pofika madzulo anali atamuluka mizere yopita kumbuyo, yokhotakhota, chifukwa zala zawo zinali zitaiwala. Ndinaonera ndili patali, monga mwa ulemu.

Loweruka anandisudzula. Amalume anayankhula nthawi yaitali, anazungulira ndithu, ndipo ndikanapanda kuuzidwiratu ndikanaganiza kuti akundithamangitsa. Ndikukhalabe m'nyumba yomweyo. Lolemba lotsatira ndinabwerera ku ofisina. Ine ndi apongozi anga timapewanabe m'njira monga kale. Koma akakhala ndi nkhani, amadikira tsiku limene ndalowa kunsi kwa galimoto ya wina pabwalopo, n'kubwera ndi mphasa yawo. Ndimawathokoza iwo, ndimathokozanso amalume ndi mbuzi zawo. Sanandikakamize kulira pagulu kapena kufotokoza pagulu. Anangondipatsa ntchito yoti manja agwire, ndi malo oti ndiyankhulire osaonedwa.

Tsiku limene mkazi wanga anayankhula komaliza linali lowala bwino. Tinali kuchipatala cha ku Chifunde, ndipo m'mawa umenewo thupi linali litazizirako, anamwa phala, tonse tinkaganiza kuti malungo atha. Ndinamuuza kuti ndipite kumudzi ndikamutengere zovala zosintha, ndikaonenso mwana. Pobwerera madzulo ndinamupeza sakuyankhulanso. Koma m'mawa uja, nditafika kale pakhomo la chipinda, anandiitana, ndipo ndinatembenuka. Anali atadzutsa mutu pang'ono.

"Inu," anatero, "mukawauze amayi asamumete mwanayo. Tsitsi lake lakula bwino. Ndikabwera ndidzamuluka ndekha."